Kufika pa Lamba

Ulendo wa ku paki ya masewera unabadwa mlungu umene make Chitsa anamuchotsa chikhakha pamkono.

Amuna ake, amene anzawo a ku depoti ya mathiraki ankawatchula kuti a Mlongoti chifukwa cha kutalika, sankatha kunena kuti pepa. Liwu limenelo linkawaima pakhosi ngati munga wa nsomba. M'malo mwake ankagula zinthu. Mbama inkabala nsalu. Diso lotupa linabala wailesi. Dzino lam'mbali loguluka linabala makina osokera amagetsi, omwe tsopano ankadyetsa banja iwo akakhala pamsewu. Choncho mkono utathyoka, make Chitsa anadziwiratu kuti kukubwera mphatso yaikulu, ndipo ankaidikira monga mmene mlimi amadikirira mtambo wakuda, osadziwa ngati wasenza mvula kapena matalala.

Mphatsoyo inafika masana ena. A Mlongoti analowa atawerama pakhomo monga mwa masiku onse, anaponya chikwama pampando, n'kuitana ana.

"Chitsa! Nsungwi! Bwerani muone kumene bambo wanu akukutengerani."

Ana anatuluka kuseri kwa makina, kumene ankathawira akamva nsapato zazikulu pakhonde. Chitsa ndiye anali woyamba kubadwa, mnyamata wamfupi, wojintcha, wosachedwa kutseka pakamwa. Nsungwi anali mlongo wake womutsatira, koma anamupitirira msinkhu kalekale, miyendo italiitali ngati ya bambo ake. Maina amenewa anawapatsa ndi eni nyumba, mayi achikulire ogulitsa makala pageti, ndipo anawakanirira mpaka maina enieni anatsala a kusukulu basi.

Pafoni ya a Mlongoti panaoneka dziko lina, kutsidya kwa malire, kumene iwo ankakatula katundu. Panali chigudumu chachitali kuposa thanki ya madzi, chonyamula anthu m'timadengu. Panali akavalo amatabwa ongozungulira pamodzimodzi. Ndiye panali sitima yaing'ono, yokwera m'mwamba pang'onopang'ono, kenaka n'kugwa chamutu, anthu manja m'mwamba, akukuwa ngati akuphedwa.

"Akulira chiyani?" anafunsa Chitsa.

"Sakulira, mbuzi iwe, akukondwa. Kumeneko anthu amachita kulipira kuti achite mantha."

Make Chitsa anangoti chamumtima, kwathu kuno mantha ndi aulere. Koma pakamwa anati, "Kokongola ndithu, bambo ake."

"Sukulu ikatsekera, tonse ulendo. Koma pali lamulo. Pakhomo pa sitimayo pali chidole chamatabwa, chatambasula mkono chonchi. Mwana amene mutu wake sugunda mkonowo sakwera, ngakhale alire magazi. Ine ndinaima nacho pafupi, ndinadziyeza. Mkonowo unandigunda apa." Anagogoda chitsulo cha lamba wawo ndi chikhadabo, chinalira kuti ngwe. "Pa lamba penipeni. Bwerani ndikuyezeni."

Nsungwi anathamanga n'kuima pamiyendo ya bambo ake. Chitsulo chinamugunda pachipumi.

"Ameneyu ndiye mwana wanga! Wina."

Chitsa anasendera chokwawitsa mapazi. Anaima, anakoka mpweya, anatalikitsa khosi ngati nkhuku yomwa madzi. Pakati pa tsitsi lake ndi chitsulo panatsala mpata wa zala zitatu.

A Mlongoti anauyang'ana mpatawo nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana mkazi wawo.

"Kwathu kulibe akafupi. Bambo anga ankathyola mapapaya ali chiimire. Uyu anatengera ndani?"

"Ana amakula mosiyana, bambo ake. Ena amayamba ndi m'mbali."

"Aziyamba ndi m'mwamba. Ali ndi miyezi itatu."

Komabe ulendo ndi ulendo, umakoma ukamakonzedwa. Make Chitsa anali asanaolokepo malire a dziko lililonse, ndipo amuna ake akabwerera pamsewu, nyumba ikapuma, ankadzipeza akuimba pamakina. Anapita ndi ana kokajambulitsa zithunzi za mapasipoti. Wojambula anati pasapezeke woseka. Chitsa anakhoza kamodzi kokha, poti nkhope yake inali kale ya pasipoti, koma Nsungwi anavutitsa mpaka wojambulayo anamuopseza kuti amujambula kumbuyo kwa mutu. Mapasipoti atatuluka, make Chitsa anawakulunga m'kansalu n'kuwasunga m'dirowa ya makina, pansi pa ulusi.

Kasitomala wina, nesi amene anayendako maiko, anamulangiza uku akuyezedwa diresi.

"Basi ya kumeneko ndi ya tsiku lonse ndi kuwonjezera, ndiye mutenge mankhwala oletsa kusanza. Zipewa musaiwale. Zovala zosinthira, chifukwa kuli masewera ena onyowetsa. Koma chachikulu, amayi, ndi anthu. Kuli anthu ngati nyerere pa fupa. Mukangophethira, mwana wapita. Avekeni zowala, ndipo nambala ya foni ikhale pathupi pawo."

Make Chitsa anagula nsalu yowala ngati lawi la moto, anadula malaya awiri. M'kati mwa kolala iliyonse anasokerera kansalu koyera, atapeta nambala ya a Mlongoti ndi ulusi wakuda. Anadutsitsa msoko kawiri, kenaka kachitatu, kuti ngakhale mwana akokedwe m'chikhamu, kolala isang'ambike.

Eni nyumba ataona malayawo anaomba m'manja. "Awa akasochera, adzawatola ndi a ndege! Inu make Chitsa, inenso munditengeko, ndikakwere kavalo wamatabwa. Weniweni anandikana ndili mtsikana."

Madzulo ana ankakhala pa benchi la pakhonde, wina kutsogolo wina kumbuyo. Eni nyumba ankagwira benchilo n'kumaligwedeza, uku akulira ngati injini. Akafuula kuti, "Chitsikire!" ana ankakweza manja m'mwamba n'kukuwa. Ngakhale Chitsa ankakuwa. Make Chitsa ankasiya kusoka, n'kumamvera kukuwa kwa ana ake kopanda chowapweteka, ngati nyimbo yachilendo.

Koma thiraki imabwerera. Nthawi iliyonse a Mlongoti akafika, asanavule n'komwe nsapato, ankaima pakati pa nyumba n'kugogoda chitsulo chija. Ngwe. Chitsa ankabwera.

Mwanayo anayesa zonse. Ankadya mpaka m'mimba kuwawa. Ankalendewera panthambi ya mgwafa kuseri kwa nyumba mpaka manja kuchita matuza. Make anamuyeza ndi tepi yake mobisa, ndipo tepi inati mwana akukula ndithu, pang'onopang'ono monga amakulira ana onse. Koma pa lamba mpata sunkachepa. Tsiku lina unali zala ziwiri, tsiku lina zinayi.

Telala amadziwa thupi la munthu kuposa mwini wake. Make Chitsa sanachedwe kuona chimene chinkachitika. Lamba wa a Mlongoti analibe malo amodzi. Akakondwa, lamba ankatsikira pansi pa mimba, monga mmene ayenera kuti analili tsiku lija ankaseka ndi chidole chamatabwa. Koma akakwiya, ankagwira buluku ndi manja onse awiri n'kulikwezera pamchombo, ngati munthu wokonzekera kuoloka mtsinje. Ndipo akangomuona Chitsa ankakwiya. Mwana ankathamangitsa mzere woyenda.

Anayesa kunena, tsiku lina atawapatsa madzi osamba, atadya, atakhuta.

"Bambo ake, bwanji tijambule mzere pachitseko? Kuti ana azidziyeza okha inu mukachoka."

"Chavuta ndi chiyani ndi lamba wanga?"

"Palibe. Kungoti nthawi zina buluku limakwera."

Mbale inamupeza pakhutu. Sanaione ikubwera. Anangomva phokoso m'mutu ngati mabelu, ndi zotentha zikutsikira m'khosi. A Mlongoti anamugwira tsitsi, n'kumuweramitsa mpaka nkhope inagunda chitsulo chija.

"Ukuliona? Likukwera? Ndiuze, likukwera?"

"Ayi, bambo ake."

"Ine ndayenda maiko. Iwe wayenda kuchokera pamakina kupita kuchimbudzi. Usandiphunzitse kuyeza."

Ulendo wotsatira make Chitsa anapinda tizigamba n'kutilowetsa m'nsapato za mwana. A Mlongoti anangoyang'ana kayendedwe kake, anamunyamula mwendo ngati mbuzi yogulitsa, n'kuvula nsapatoyo. Tizigamba tinagwa pansi. Tsiku limenelo lamba anatuluka m'buluku. Anayamba ndi mayi, anamalizira mwana, ndipo Nsungwi anadzitsekera m'kabati ya nsalu atatseka makutu. Atatopa, a Mlongoti anakhala pampando akupuma mwabefu, thukuta lili kamukamu.

"Mvetsera bwino," anauza mkazi wawo motsitsa mawu, ndipo mawu otsikawo ndiwo ankaopsa kuposa okweza. "Ulendo ukubwerawu ndi womaliza kumuyeza. Akapanda kufika, ndidziwa kuti si magazi anga. Ndimukweza m'thiraki, ndikamutsitse kumene ndingafune, akafunefune yekha bambo ake afupiafupiwo."

M'mawa mwake ananyamuka. Chitsa anayambanso kukodzera pamphasa, chinthu chimene anasiya ali wamng'ono. Benchi la pakhonde analisiya. Eni nyumba anamuitana, anamunyengerera ndi switi, anakana. Mayi achikulirewo anayang'ana khutu la make Chitsa, anapukusa mutu.

"Mwana wanga, uli ndi mlongo wako kumapiri kuja. Basi imanyamuka tsiku ndi tsiku."

"Ana akufunitsitsa ulendowu, amayi. Tikangopita, mwina mtima wa bambo awo ukhala pansi."

"Mtima wa ameneuja ulibe matako," anatero eni nyumba, n'kubwerera ku makala awo.

Nzeru inamubwerera akuchapa. A Mlongoti anali ndi mabuluku atatu a kuntchito, ndipo awiri ankatsala kunyumba kuti achapidwe. Make Chitsa ananyamula limodzi, analiyang'ana kuyambira m'chiuno kufika pamphechepeche, ndipo manja ake anadziwa chochita mutu usanavomere. Ngati mwana sangakwere kukafika pa lamba, lamba atsike kudzamupeza mwana.

Anatseka chitseko. Anamasula msoko wa m'chiuno mosamala, ulusi umodziumodzi. Anadula kansalu kozungulira pamwamba, kochepa ngati chala chake, anasunthira zipi m'munsi, n'kubwezeretsa chiuno ndi timalupu ta lamba, ndi ulusi wofanana ndendende ndi wakale. Kenaka anaganiza za zala zitatu zija, anamasulanso, n'kudulanso. Buluku lotere munthu sangalikwezere pamchombo, chifukwa limamugwira m'munsi lisanafike. Anatero ndi onse awiri. Anawasita, anawapinda. Sanasokepo chovala mwaluso chotero chibadwire, ndipo panalibe woti amuonetse.

A Mlongoti anafika Lachisanu atatopa, anasamba, n'kuvala buluku lochapa. Anayenda nalo pang'ono, anagwedeza mwendo.

"Buluku ili lafinyika."

"Mwanenepa, bambo ake. Zakudya za pamsewu zikukuyanjani."

Anaseka, anasisita mimba. Kenaka anaima pakati pa nyumba. Ngwe.

Chitsa anabwera. A Mlongoti anagwira buluku ndi manja awiri kuti alikweze monga mwa chizolowezi, koma linakana. Anakoka, linakana. Analisiya. Mwana anaima, ndipo tsitsi lake linakhudza chitsulo. Linakhudza ndithu, mpaka chitsulo chinamira m'tsitsimo.

Nsungwi anasendera pafupi.

"Wafika," anatero Nsungwi monong'ona.

"Wafika!" anabangula a Mlongoti. Anamunyamula Chitsa, anamukhazika pamapewa, anatuluka naye panja atawerama pakhomo. "Amayi a makala, taonani! Magazi sanama! Ndinanena ine kuti kwathu kulibe akafupi!"

Chitsa ali pamwambapo anagwira mutu wa bambo ake ndi manja onse, osadziwa ngati aseke. Anayang'ana amake. Make Chitsa anamumwetulira. Tsiku limenelo a Mlongoti anatchula tsiku lonyamuka, anauza ana za malo ogona okhala ndi dziwe losambiramo, ndipo anamuitana mkazi wawo kuti mayi, mmene ankamuitanira asanakwatirane.

Lolemba anavala buluku lachiwiri n'kupita ku depoti.

Dzuwa lili paliwombo, make Chitsa anali akusita malaya owala aja komaliza. Ana anali ataweruka kusukulu, ndipo anawaveka kuti aone ngati makolala akhala bwino. Anavula a Nsungwi kuti asitenso mkono umodzi. Chitsa anali chivalire ake, batani la pakhosi lili chomanga, akudziyang'ana pagalasi la makasitomala.

Geti linalira kuti phwaa. Nsapato zazikulu pakhonde. Sinali nthawi yake.

A Mlongoti analowa osawerama bwino, mutu unagunda pamwamba pa chitseko, koma sanamve. Maso anali psuu. Buluku lawo linali ndi msoko watsopano wa ulusi woyera, woyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Ndimakwera thiraki," anatero. "Depoti yonse ili pomwepo. Bwana ali pomwepo. Atsikana a mu ofesi ali pomwepo. Ndangokweza mwendo chonchi, buluku kuti pwee! Mpaka kumsana. Anthu kugwa ndi phwete. Akuti Mlongoti wakweza mbendera."

Make Chitsa anaimika simbi pathebulo. "Pepani, bambo ake. Nsalu zamakono..."

"Khala chete. Telala wa pageti la depoti wandisokera. Ukudziwa wandiuza chiyani? Akuti, achimwene, amene anakubwezerani bulukuli ndi katswiri, sindinaonepo msoko wotere. Koma n'chifukwa chiyani anakudulani m'chiuno?"

Anamasula lamba. Anamusolola kamodzi, anatuluka m'timalupu akulira ngati njoka. Anamukulunga kudzanja, chitsulo chili kunsonga.

"Ana, tulukani," anatero make Chitsa.

Nsungwi anadutsa m'mphepete n'kuthawa akukuwa, "Agogo! Agogo!" Chitsa anauma pomwe anaima.

Chitsulo choyamba chinamupeza make Chitsa paphewa, chachiwiri pamwamba pa diso. Magazi anatsika n'kumutseka diso limodzi. Anagwera pa makina, dirowa inatseguka, ulusi unamwazika pansi. Nsapato inamulowa m'nthiti. Anadzipinda monga anazolowera, mkono wothyoka uja ataubisa pamimba, n'kumadikira kuti mvula ikate. Nthawi zonse inkakata. Ankangoganiza kuti, bola ine, bola ine.

Koma inakata msanga. Anatsegula diso lotsalalo.

A Mlongoti anali atataya lamba pansi. Anali atamugwira Chitsa m'khwapa, atamunyamula.

"Ukufuna kutalika, eti? Iwe ndi amako mwandipusitsa kuti utalike? Bwera ndikutalikitse."

Kuseri kwa chitseko kunali msomali waukulu wokolekapo jekete. Anamukweza mwanayo, anakoleka kolala ya malaya owala pamsomalipo, n'kumusiya.

"Eya. Tsopano wandipitirira ndi ine ndemwe."

Malaya ena aliwonse akanang'ambika. Batani likanaduka. Koma make Chitsa anadutsitsa msoko katatu. Kolala inagwira, inamukola mwana pansi pa chibwano. Miyendo inayamba kupalasa chitseko, gu, gu, gu. Pakamwa panatseguka koma mawu sanatuluke. Manja ankakanda pakhosi.

"Bambo ake, akutsamwa! Mutsitseni!"

"Alendewere. Suja amakonda kulendewera pa mgwafa?"

Make Chitsa sanadziwe mmene anadzukira. Anangoona kuti waima, ndipo simbi yamoto ili m'dzanja lake lamanzere, dzanja losathyoka. Anapita pachitseko. A Mlongoti anatambasula mkono kumutchinga, monga chidole chawo chamatabwa chija. Iye anaika simbi pamkonowo n'kukanikiza, mmene amakanikizira msoko wouma.

Panamveka kuti tswii, ndi fungo. Kukuwa kwa a Mlongoti kunagwedeza malata. Anabwerera m'mbuyo, anamuponyera chibakera ndi dzanja linalo, chinamuphonya khutu. Anadumpha kuti amugwire pakhosi. Koma buluku lodulidwa m'chiuno, lopanda lamba, linalibe pogwira. Linatsetsereka pansi pa mimba, linafika m'mawondo, n'kuwamanga miyendo. Munthu wamtali akamagwa amachedwa kufika pansi. Anagwa ngati mtengo wa bulugama, chibwano chinamenya ngodya ya thebulo la makina, ndipo simbi inawatsatira, inawapeza pabondo. Make Chitsa anamva fupa likuyankha.

Anaponya simbi. Anamunyamula mwana ndi phewa kuti khosi lipepuke, dzanja likufufuza sizasi pathebulo. Analowetsa sizasi pakati pa khosi ndi nsalu, anadula. Msoko wake womwe unalimbana naye. Anadulanso, akulira, akutukwana ulusi. Kolala inaduka, mwana anamugwera pachifuwa.

Kwa kanthawi Chitsa sanapume. Kenaka anakoka mpweya ndi phokoso ngati la pampu yotha mafuta, anatsokomola, anasanza pa diresi la amake, n'kuyamba kulira. Make Chitsa sanamvepo kulira kokoma chotero.

Chitseko chinakankhidwa. Analowa eni nyumba atanyamula fosholo ya makala, Nsungwi atawagwira chitenje, kumbuyo kwawo anyamata awiri a pagalaja yoyandikana. Anaona magazi, anaona kolala ili lende pamsomali, anaona a Mlongoti ali pansi, buluku m'mawondo, akubuula atagwira bondo.

"Ndikupha," ankatero a Mlongoti, magazi akutuluka m'kamwa. "Ndikadzuka pano ndikupha."

Eni nyumba anaimika fosholo pachifuwa pawo. "Dzuka tione. Ine ndakwirira amuna awiri, fosholo ndimaidziwa." Anacheukira anyamata aja. "Inu, mukhalireni. Wina aimbe kupolisi, aone okha msomali uwo. Make Chitsa, tenga ana. Ukayambe kuchipatala, akakulembere, ndiye ukwere basi. Makina ndikusungira ine."

Make Chitsa anatola kansalu ka mapasipoti pakati pa ulusi womwazika, anakalowetsa pachifuwa. Anatenga chikwama chimene anali atalongedza kale cha ulendo, muli zipewa, zovala zosinthira, ndi mankhwala oletsa kusanza. Anamuveka Nsungwi malaya ake. Lamba anali chigonere pakhomo, atatambalala kuchokera uku kufika uko. Chitsa anafika pamenepo n'kuima. Anamuyang'ana lambayo ngati angadzuke.

"Yenda, bambo," anatero amake.

Mwana anakweza phazi, anamudumpha.

"Amayi," anatero Nsungwi, "Chitsa wapitirira lamba."

Kuchipatala make Chitsa anamusoka pamwamba pa diso. Anayang'ana misokoyo pagalasi n'kuona kuti yapotoka. Mwana anamuunika pakhosi, anati mawu abwerera, asamukakamize kulankhula. Dzuwa litapendeka anali pa siteji ya mabasi opita kumapiri, kwa mlongo wake.

Basi inali yodzaza. Kondakitala anayang'ana bandeji, anayang'ana mzere wofiira pakhosi pa mwana, n'kuyang'ana kumbali monga munthu waulemu.

"Mayi, inu ndi mtsikanayu khalani apa, kumbuyo kwa adalaivala. Koma kamfupi aka kabwere kutsogolo kwenikweni. Kumbuyoko sikaona kanthu, mipando ndi yaitali."

Chitsa anayang'ana amake. Amake anagwedeza mutu. Kondakitala anamunyamula n'kumukhazika pampando wa pafupi ndi galasi lalikulu, msewu wonse uli pamaso pake.

Basi inatuluka m'tauni. Make Chitsa anapinda kolala ya Nsungwi, anapeza kansalu koyera kaja, n'kuyamba kumasula nambala ndi mano, ulusi umodziumodzi. Nthiti zinkamubaya akapuma. Sankadziwa chimene akamuuze mlongo wake, ngakhale chimene adye mawa. Paki ija inali kutali kuposa kale. Koma mapasipoti ankawamva pachifuwa, ofunda, ndipo analavulira ulusi wakuda pawindo.

Msewu unayamba kukwera. Injini inabuula, basi inkakwawa pang'onopang'ono, mitengo ikutsalira m'munsi. Anafika pamwamba pa chitunda, ndipo kutsogolo kunatseguka chigwa chonse, msewu ukutsika mokhotakhota mpaka kumtsinje.

Chitsa anacheuka. Mawu ake anatuluka osasa, aang'ono.

"Amayi, pano sayeza?"

"Sayeza, bambo."

"Ngakhale pobwerera?"

"Sitikubwerera."

Dalaivala anasintha giya, basi inaweramira kutsogolo. Nsungwi anaimirira pampando n'kufuula, "Chitsikire!" Anthu anacheuka, ena anaseka. Chitsa anayang'ana msewu ukuthamangira pansi pake. Anachotsa manja pachitsulo chogwirira, limodzi, kenaka linalo, n'kuwakweza m'mwamba.